Maondo a Mwana Wanga Anakapindikira ku Korea

Mwana wanga wamkazi ali ndi maondo. Ndikunena zimenezi chifukwa kwa zaka zambiri ndinkakayika. Anabadwira kuno ku Bolton, ku England, m'chipatala chomwe ine ndimagwiramo ntchito ya unamwino, ndipo tsiku limenelo ndinamuyang'ana ndekha, ziwalo zonse zinalipo. Koma atangofika msinkhu woti n'kumutuma, maondo aja anauma ngati a chidole. Kukabwera alendo ankapereka moni ali chilili, dzanja lina lili m'thumba. Ukamupatsa chinthu ankalandira ndi dzanja limodzi, mwinanso lamanzere, maso ali pafoni. Ndikamuuza kuti kwathu sititero, ankandiyankha m'Chingerezi kuti kuno si kwathuko. Chichewa amachimva bwinobwino, makamaka ndikamamudandaula pafoni, koma pakamwa pake sichituluka.

Chitenje ndiye ankachiona ngati nthenda yopatsirana. Tsiku lina ali wamng'ono ndinakamutenga kusukulu nditamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu chifukwa cha kuzizira. Anandidutsa pageti ngati sakundidziwa n'kukandidikirira pakona. Ndikakazinga usipa ankatsegula mawindo onse pakati pa chisanu, n'kukabisa jekete lake kuchipinda kuti lisatenge fungo. Zonsezi ndinkangomeza, n'kumadziuza kuti akakula adzasintha.

Anasinthadi, koma osati molowera kwathu. Ali kusekondale anagwa m'chikondi ndi dziko la Korea. Zinayamba ndi nyimbo ndi mafilimu, kenako makoma a kuchipinda kwake anadzaza zithunzi, kenako anayamba kuphunzira chilankhulo chawo, zilembo zake zija za timizere ndi timabokosi. Lilime lomwe lija limalemera kunena kuti mwadzuka bwanji linapepuka ngati thonje. Ndinkamumva m'bafa akubwereza mawu achilendo mpaka atawakhoza, ine ndili panja ndi thaulo, mtima ukuwira.

Chaka chimene ankamaliza mayeso ake omaliza a kusekondale, mwana wamwamuna wa achemwali anga aakulu, amene amakhala ku Liverpool, anapeza mbeta. Chinkhoswe anachiika kumapeto kwa holide, ndipo achemwali anaitanitsa nsalu kumudzi, ya buluu yokhala ndi masamba achikasu. Mwambo wake mukuudziwa: aliyense wa kubanja amapatsidwa chidutswa chake n'kukasoketsa sitayilo imene akufuna, bola nsalu ikhale imodzi, kuti anthu akaona adziwe kuti awa ndi amodzi. Nkhoswe anali achimwene athu aakulu, mwini mbumba, amene ankabwera kuchokera ku Dedza. Iwowa anali atatilasa kalekale pafoni, ati ana athu akunja kuno tinawataya, ndi azungu akuda. Mawu amenewa ankandibaya chifukwa ndinalibe chowatsutsira. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, choti achimwene amuone mwana wanga atavala nsalu yathu, atawagwadira, avomereze ndi pakamwa pawo kuti uyu ndi wathu.

Nditamupatsa chidutswa chake, mwana anachigwira ndi zala ziwiri n'kuchisiya pampando. Apa m'pamene ndinachita zimene mayi anga akanamva akanadzuka kumanda. Ndinachita naye malonda mwana wobereka ndekha. Anali atandivutitsa kwa nthawi yaitali kuti akamaliza mayeso tipite ku Korea, ndiye ndinamuuza kuti tipita, koma iye adzavale nsaluyo pachinkhoswe ndipo adzapereke moni kwa amalume ake ngati munthu wobadwa kwa anthu.

"Deal," anatero, n'kunditambasulira dzanja. Limodzi.

Ndinagwira mashifiti owonjezera mpaka mapazi kutupa, kenako tinakwera ndege ku Manchester kupita ku Seoul, likulu la Korea, mzinda umene sindinaulotepo.

M'mawa woyamba anandikokera kusitolo yobwereketsa zovala zamakolo a kumeneko. Amazitcha hanbok. Kumtunda ndi kajekete kakafupi kolekeza pachifuwa, komanga ndi riboni yaitali, ndipo kumunsi ndi chisiketi chachikulu choyambira pachifuwa pomwepo mpaka kukwekwesa pansi. Ukavala zimenezi, kunyumba zakale zachifumu umalowa ulere. Mwini sitolo anali mayi wamsinkhu wanga, wa magalasi olendewera pachingwe. Mwana wanga anaima phee, manja atatambasula, kulola mayi wachilendo amutembenuze uku ndi uku, amukoke, amumange riboni, amupesenso tsitsi limene ine sindiloledwa kulikhudza. Atatha anamupatsa kachikwama kakang'ono. Mwana analandira ndi manja awiri, n'kuwerama.

Kenako mayi uja anamufunsa m'Chingerezi chake chodukaduka kuti akuchokera kuti, ndipo kwawoko amavala chiyani pamwambo.

"England," anayankha mwana wanga akumwetulira. "We don't really have anything."

Ati tilibe chilichonse. Chitenje chinali m'chikwama changa nthawi yomweyo, chopindapinda bwino, pakuti mkazi wa kwathu sayenda ulendo wopanda chitenje. Mayi uja atandilozera chisiketi chofiirira kuti nanenso ndiyese, ndinapukusa mutu mwamphamvu moti anabweza dzanja msanga. Pageti la nyumba yachifumu ndinagula tikiti ndekhandekha pamzere, mwana wanga atalowa kale ngati mwana wa mwini malo.

Ndisaname, malowo ndi okongola, ndipo kukongolako n'kumene kunkandipsetsa mtima kwambiri. Ndikanakonda akanakhala mabwinja kuti ndimuseke. Koma geti lake ndi lalitali, madenga a matailosi akuda opindikira m'mwamba kumakona, kunsi kwake atapaka zobiriwira ndi zofiira mwaluso loti khosi limawawa ukuyang'anabe. Pamwamba pa madenga anaikapo tizifanizo ta nyama tondondozana, ndipo kuseri kwake kuli phiri la miyala lomwe linandikumbutsa kwathu, ngakhale sindinamuuze. Alonda ovala mikanjo yofiira ndi yabuluu anasinthana ntchito ng'oma zikulira, mbendera zili petupetu. Ndevu zawo zinali zomata, ndinaziona bwinobwino, ndipo ndinanena mokweza.

"Mum, please," anatero mwana wanga.

Ankayenda pang'onopang'ono, manja atawasanjikiza pamimba, mwana yemwe uja amatsika masitepe a kunyumba ngati ng'ombe yothawa dibi. Ankadziwa chilichonse. Anandionetsa miyala yoimikidwa m'mizere pabwalo, pamene nduna zinkaima potsata maudindo awo. Anandionetsa mpando wa mfumu, nyumba ya mfumukazi, dziwe lokhala ndi nyumba yamadyerero pakati pake. Ankadziwa mfumu imene inamanga, adani amene anatentha, ndi amene anamanganso. Ine ntchito yanga inali kujambula. Ati ndichepetse dzuwa, ndibwerere m'mbuyo, ndigwade kuti chisiketi chioneke chonse. Inde, ndinagwada ine, pamiyala ya mfumu ya eni, kujambula mwana wanga.

Ndikudzuka pamenepo ndinamufunsa kuti, "Iwe, mudzi wa kwathu dzina lake ndi chiyani?"

"Not now, Mum."

"Agogo ako amene unatengera dzina, anabadwira kuti?"

Anangokonza riboni n'kupitiriza kuyenda.

Masana tinakwera kumtunda, kudera la nyumba zamakedzana kumene anthu akukhalabe mpaka lero. Tinjira take n'topapatiza, tokwera, makoma amiyala, zitseko zamatabwa zokhala ndi mphete zachitsulo. Chifukwa choti alendo amachuluka, pamakona pamaima anthu atanyamula zikwangwani zopempha kuti tisasokose. Kumeneko n'kumene mkwiyo wanga unasefukira, ndipo ndinakangana ndi mwana wanga monong'ona, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire. Kukalipa konong'ona kumapweteka pakhosi.

"Ukuti tilibe chilichonse? Ine ndinakubereka ndili maliseche? Chimene ndinkakuberekera kumsana chinali chiyani, nyuzipepala?"

Anati sankatanthauza zimenezo, ankanena za ku England.

"Ndiye ndiwe wa ku England? Kagogode pachitseko chilichonse ku Bolton ukafunse ngati akukuwerengera. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Wamva?"

Pa mawu omalizawo kunong'ona kunandithawa. Bambo wina wachikulire wa chikwangwani anatembenuka n'kuika chala pamlomo. Mwana wanga anathamangira kwa iye, anawerama kawiri, n'kupepesa m'chilankhulo chawo. Ankapepesera ine. Bamboyo anamwetulira n'kumugwedezera mutu momumvera chisoni, ngati akuti pepa mwanawe, makolo sasankha.

Chakudya tinakadyera m'nyumba ina yakale yomwe anaisandutsa lesitilanti. Nsapato timavulira pakhomo, ndipo mwana wanga anavula zake n'kuziika bwino moyang'ana kunja, pamene kunyumba ndimapunthwa nazo pakati pa khonde. Matebulo ake ndi aafupi, anthu amakhala pansi. Ine ndinali nditavala diresi lofika m'maondo, ndiye ndinatulutsa chitenje changa n'kumanga kuti ndikhale mwaulemu.

"Do you have to?" ananong'ona, maso akuyang'ana matebulo ena.

"Eya, ndiyenera. Tilibe chilichonse, koma ichi chokha ndili nacho."

Anabweretsa timbale tambirimbiri mpaka tebulo kudzaza. Munali kabichi wowawasa wa tsabola amene amamutcha kimchi, fungo lake loti likhoza kudzutsa wodwala wokomoka. Munali masamba, nyemba zomera, ndi nkhuku yathunthu yaing'ono yowiritsa, m'mimba mwake ataikamo mpunga. Ndipo pakati pa zonsezo panali kambale ka tinsomba ting'onoting'ono touma, tokazinga, maso ali tong'o. Ndinakayandikitsa kumphuno. Usipa. Angautche dzina lina, angauthire shuga, koma ine usipa ndimaudziwa. Mwana wanga anautola ndi timitengo tiwiri timene amadyera kumeneko, anatafuna atatsinzina, n'kunena kuti ndi wokoma kwambiri, ndilaweko.

Zaka zonse zija za mawindo otsegula, ine kumakazinga ndiwo nditavala jekete m'khitchini mwanga momwe!

Chimene chinandipweteka koposa si usipawo ayi. Asanayambe kudya anadikira kuti ndiyambe ine, ati kuno wamkulu ndiye amayamba. Ananditsanulira madzi atagwira jagi ndi manja awiri. Zimene ndinazipempha kwa iye moyo wake wonse, mokalipa, monyengerera, mopemphera, anandipatsa zonse patebulo limodzi, koma osati chifukwa ndine mayi ake. Ankachita chifukwa anthu a m'mafilimu ake amatero. Madziwo ndinamwa, koma anandiwawa ngati mankhwala a malungo.

Tsiku lina, chakumapeto kwa ulendo, tinalowa m'bwalo la nyumba ina yakale mmene amaphunzitsa alendo miyambo. Mayi wina woonda, wa imvi, ankaonetsa atsikana kagwadidwe kolemekeza makolo pa masiku aakulu. Umasanjikiza manja n'kuwakweza kufika pamphumi, umatsika pang'onopang'ono osagwira pansi mpaka maondo afike, kenako umawerama mutu kutsala pang'ono kugunda pansi. Mwana wanga anayesa n'kupendekeka. Anayesanso. Mayiyo anamumenya pang'ono pamsana kuti awongoke, iye n'kuseka. Ndikanamumenya ine choncho bwenzi nkhani itafika kwa a boma. Anabwereza mpaka thukuta kutuluka, mpaka mayi uja anawomba m'manja. Ine ndinali pabenchi ndi zikwama, kuonerera maondo amene ndinkati ndi olumala akupindika ngati a mwana wa mbuzi.

Tinabwerera ku Manchester mvula ikugwa monga mwa masiku onse. Nditafika ndinabwerera kuntchito, ndipo za nsalu ija ndinangomukumbutsa kuti lonjezo ndi lonjezo. Anati asadandaule munthu, akasoketsa yekha. Pali mayi wina wa ku Zambia kuno ku Bolton amene amatisokera tonse m'chipinda chake chapamwamba, ndiye mwana anakwera basi kupita kumeneko. Ndikafunsa kuti ndione, ankati telala sanamalize. Ndinaganiza kuti mwina ndi diresi lalifupi, n'kukonzekeratu kukangana za maondo oonekera. Ndinali kutali ndi zoona.

Usiku woti mawa ndi chinkhoswe iye anagona kwa achemwali ku Liverpool kuti akavalire limodzi ndi atsikana anzake. Ine ndinafika pa holo ndi galimoto yanga, nditavala nsalu yathu ndi duku lake. Achimwene anali atakhala kutsogolo, atavala jekete lalikulu lobwereka, ndodo ili pakati pa miyendo. Anali atakalamba kuposa mmene ndinkaganizira. Nditawagwadira anandifunsa kuti mwana ali kuti, ndipo mmene anafunsira ndinadziwa kuti akonzekera kale zoti adzakanene kumudzi.

Atsikana a kubanja kwathu analowa pamzere akuvina. Wachitatu anali mwana wanga. Nsalu inali yomweyo, ya buluu ya masamba achikasu. Koma kumtunda kunali kajekete kakafupi kolekeza pachifuwa, riboni yaitali ikulendewera, ndipo kumunsi chisiketi chachikulu chokwekwesa pansi. Nsalu yochokera kumudzi, yogulidwa ndi achemwali anga, anaisandutsa hanbok.

Ndinaimirira osadziwa kuti ndaimirira. Achemwali anandikoka mkono.

"Khalani pansi inu, musatichititse manyazi. Nsalu si yomweyo? Za style munapangana?"

Sitinapangane. Anandidyera masuku pamutu mwana amene ndinamusintha matewera. Ndipo amayi a m'holomo, anzanga a kutchalitchi, anamwino anzanga amene timadandaulira limodzi za ana athu, anayamba kutulutsa mafoni. Wina anandigwira phewa. "Koma ndiye ndi smart! Telala wake ndi uja wa ku Bolton? Ine ndikufuna yomweyi pa wedding."

Nyimbo itatha, mwana wanga anachoka pamzere n'kulunjika kwa amalume ake. Ndinati tsopano awapatsa dzanja limodzi ali chilili, tithere pompo. Anaima patsogolo pawo. Anasanjikiza manja n'kuwakweza pamphumi. Anatsika pang'onopang'ono, msana uli chilili, chisiketi chikufutukuka pansi, mpaka maondo anafika. Kenako anawerama, mphumi kutsala pang'ono kukhudza nsapato za achimwene, n'kukhala choncho osafulumira kudzuka.

Kenako mayi wina wa kuchikazi anayambitsa nthungululu, holo yonse n'kulandira.

Achimwene anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi mkono wa jekete. Anandikodola. Ndinapita n'kugwada pambali pa mwana wanga, maondo anga akulira ngati chitseko chakale.

"Achemwali, ndinakulakwirani," anatero. "Ndinkati munataya ana. Ulemu wotere ngakhale kumudzi unatha, atsikana a masiku ano amangopinda bondo limodzi ngati aponda minga. Uyu ndi wathu. Uyu ndiye wathu weniweni."

Mawu amene ndinawafuna, amene ndinatupira nawo mapazi, ndinawamva ndi makutu anga. Kenako anamugwira mwana pamutu n'kumufunsa pang'onopang'ono kuti amve.

"Wakuphunzitsa ndani zimenezi, mwana wanga?"

Mwana anandiyang'ana, ine n'kumuyang'ana. Tonse awiri tinkamuona mayi woonda wa imvi uja, m'bwalo la nyumba ya eni, kutsidya kwa dziko.

"Amayi," anayankha, lilime likulemera.

Linali liwu loyamba la Chichewa limene ndinamumva akulankhula pagulu, ndipo linali bodza. Achimwene anandigwira dzanja n'kuligwedeza kwa nthawi yaitali. Ine ndinati zikomo. Ndikanati chiyani? Ndiimirire pakati pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga n'kulengeza kuti ine ndinaphunzitsa zaka zonsezi osamveka, koma mlendo anangomenya kamodzi pamsana zonse n'kulowa? Ndinalandira ulemuwo ngati munthu wolandira katundu wakuba, ndipo tsiku lonse amayi ankabwera kudzandiyamikira kuti ndinalera, ine ndikumwetulira mano okha.

Anthu amati ndiyenera kukondwa. Achemwali amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, bola anagwada. Achimwene anabwerera ku Dedza ndi chithunzi chake pafoni, ndipo ndikumva kuti amachionetsa kwa atsikana a kumudzi kuti atengerepo chitsanzo. Ine ndikadali wokwiya, ndipo sindikudziwa kuti mkwiyowu ndikautule kwa yani. Kwa mwana amene anasunga lonjezo? Kwa anthu a ku Korea amene anangosamala zawo mpaka ana a eni kuzisirira?

Pobwerera ku Bolton madzulo a tsikulo dzuwa linali lisanalowe. Mwana anakhala pampando wakutsogolo, anavula nsapato n'kukweza mapazi, chisiketi chija atachikwinyira m'mwamba, foni ili m'manja. Titaima pa maloboti ananena kuti ali ndi ludzu. Ndinatenga botolo la madzi pambali panga n'kumupatsira, ndipo sindinalisiye msanga, ndinadikira pang'ono.

Analandira ndi dzanja limodzi. Lamanzere.